Mphuno, tsitsi ndi makilogalamu 18: gnome amaoneka bwanji kwenikweni?

Mukafunsa anthu asanu amene amasewera Dungeons & Dragons kuti dwarf, umodzi wa mitundu ya anthu ongopeka a m'masewerawa, amaoneka bwanji, onse akuuzani zofanana: wamfupi, wojintcha, ndevu zofika pamimba, nkhwangwa ili m'manja. Za elf nazonso sakangana. Koma tawafunsani za mtundu wina wotchedwa gnome. Wina anena za kankhalamba ka chimphuno ndi ndevu zoyera mbee, wina za kamtsikana ka tsitsi lobiriwira ndi maso aakulu, wachitatu za mmisiri wa magalasi pamphumi ndi zala zakuda bii ndi girizi. Sipalephera wokumbukira kachidole ka chipewa chofiira chosongoka kamene anthu a ku Ulaya amaimika m'minda ya maluwa. Palibe wanama pamenepo. Aliyense ali ndi buku lomuikira kumbuyo.

Kwa amene simunakhalepo pa tebulo la masewera amenewa, zimayenda chonchi. Anthu angapo amakhala mozungulira, aliyense ali ndi munthu wake wongopeka amene amamuyankhulira ndi kumusankhira zochita. Mmodzi ndi woyendetsa masewera, ndiye amafotokoza dziko, adani ndi zonse zimene gululo likukumana nazo. Pamene zinthu zingathe kuyenda kapena kukanika, madayisi ndiwo amagamula. Palibe kanema woti muonerepo. Zonse zimaoneka m'mutu, n'chifukwa chake maonekedwe si nkhani yaing'ono: mawu ochepa amene wosewera wanena tsiku loyamba pofotokoza munthu wake ndiwo chithunzi chimene anzake amayenda nacho miyezi yambiri.

Nanga n'chifukwa chiyani gnome yekha alibe nkhope imodzi? Ma elf, ma dwarf ndi ma halfling (mtundu winanso wa anthu aafupi) analowa m'masewerawa ataumbidwa kale ndi nthano za mlembi J. R. R. Tolkien, zimene osewera ambiri oyambirira ankazidziwa bwino. Gnome analibe chikombole chotero. Dzinali linayamba kuoneka m'zolemba za Paracelsus, dokotala wa ku Switzerland amene anamwalira mu 1541. M'buku lake limene linasindikizidwa mu 1566, mwiniwake atapita kale, anafotokoza zamoyo zosaoneka za m'madzi, mumpweya, m'moto ndi m'nthaka. Za m'nthakazo ndizo ma gnome. Iye anati msinkhu wawo ndi zikhato ziwiri ndipo amadutsa m'dothi ndi m'miyala monga ife timadutsira mumpweya. Chipewa chofiira chinabwera pambuyo pake, ndi tizidole tadongo timene tinkaumbidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1800. Mu 1847 Sir Charles Isham anatengako 21 kukaika m'munda wake ku Lamport Hall ku England. Kenako mu 1976 ku Netherlands kunatuluka buku la Wil Huygen, la zithunzi zojambulidwa ndi Rien Poortvliet, losonyeza ma gnome a masentimita 15, a ndevu zoyera ndi masaya ofiira. Ameneyo ndiye gnome amene anthu ambiri osasewera amamudziwa. Koma kanthu ka masentimita 15 sikangaime pamzere wankhondo pambali pa msilikali wonyamula lupanga, choncho opanga masewera anayenera kudziumbira wawo.

Poyamba sanavutike nazo. Mu 1974, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa malamulo oyamba a Dungeons & Dragons kudzera ku kampani ya TSR, gnome anali m'gulu la zolengedwa zimene mumakumana nazo m'njira, osati munthu woti mungamusewere. Anangoti ndi wocheperako kuposa dwarf, ndevu zake n'zazitaliko, ndipo amakhala m'mauna a m'zitunda pamene dwarf amakhala m'mapiri. Mwachidule, anali dwarf wamng'ono basi. Mitundu ya thupi lake inabwera mu 1977 m'buku la Monster Manual: khungu lofiirira ngati mtengo, ena lotuwirako, tsitsi loyera, maso abuluu, zovala zachikopa ndi nsalu za mtundu wa dothi, komanso kukonda miyala yamtengo wapatali. Chaka chotsatira, mu 1978, analoledwa kukhala munthu woseweredwa, ndipo anapatsidwa mphatso imene ma elf ndi ma dwarf analibe: ankatha kukhala katswiri wa matsenga ophimba anthu m'maso. Kupatula munthu wamba, ndi gnome yekha amene ankaloledwa ntchito imeneyo.

Apa m'pamene vuto linabadwira, ndipo silinathe mpaka lero. Pa tebulo panali tsopano mitundu itatu ya anthu aafupi. Dwarf amadziwika ndi kutambalala kwa mapewa ndi ndevu. Halfling wa nthawi imeneyo ankadziwika ndi nkhope yobulungira, tsitsi lopotana ndi mapazi aubweya osavala nsapato. Nanga gnome timudziwa ndi chiyani? Kusintha konse kumene kwachitika pa thupi lake kuyambira pamenepo ndi kuyesa kuyankha funso limodzi lomweli.

Yankho loyamba linali mphuno. Malamulo a 1989 ananena mosapita m'mbali kuti ma gnome ndi ang'onoang'ono kuposa ma dwarf, si onenepa ngati iwo, koma mphuno zawo n'zazikulu kwambiri. Ojambula anaigwira mfundoyo ndi manja awiri, ndipo gnome wa zaka zimenezo ndi nkhalamba ya khungu lofiirira, tsitsi la mbuu, ndi mphuno imene imayamba kulowa m'chipinda mwiniwake asanalowe. Ena amaiona ngati nthabwala chabe. Ine ndimaiona ngati nzeru ya mmisiri. Chithunzi chabwino cha mtundu wa anthu m'masewerawa chimayenera kudziwika ngakhale mutangoona mthunzi wake pakhoma. Mthunzi wa dwarf ndi bokosi. Mthunzi wa elf ndi ndodo ya makutu osongoka. Mthunzi wa gnome ndi mutu waukulu pa thupi lopyapyala, mphuno itatsogola. Simungausokoneze ndi wina.

Mu 1993 Douglas Niles analemba buku lonse la ma gnome ndi ma halfling, ndipo munali mitundu inayi ya ma gnome. A m'miyala ndiwo wamba amene tafotokozawa. A m'nkhalango ndi ochepetsetsa, masentimita 60 mpaka 75 basi, ndipo malamulo apambuyo pake anawapatsa khungu la mtundu wa khungwa la mtengo kapena lotuwa mobiriwirako, kuti akaima chilili pafupi ndi chitsa musawaone. Amisiri opanga makina anachokera m'dziko longopeka la Dragonlance, limene nkhani zake zinayamba kutuluka mu 1984, kumene amakhala m'kati mwa phiri la Mount Nevermind n'kumapanga zipangizo zimene kawirikawiri zimaphulika. Amenewa anasintha nkhani yonse mwakachetechete, chifukwa anachotsa chizindikiro cha gnome pa thupi n'kuchiika pa katundu: epuloni ya matumba ambiri, zitsulo zolendewera m'chiuno, nsidze zowauka ndi moto. Masewera a pakompyuta a World of Warcraft a 2004 atafalitsa gnome wa magalasi otchinga m'maso ndi tsitsi lapinki, osewera ambiri atsopano anafika pa tebulo ali kale ndi chithunzi chimenecho m'mutu.

Mtundu wachinayi ndi umene umandikhudza mtima kwambiri. Awa ndi ma svirfneblin, ma gnome a pansi penipeni pa nthaka, amene anayamba kuoneka mu 1978. Msinkhu ndi womwewo, pafupifupi mita imodzi, koma thupi ndi lina. Khungu lotuwa ngati mwala, minofu yolimba gwa, amuna a dazi, akazi a tsitsi lotuwa lolendewera ngati luzi. M'malamulo a 2015 amalemera makilogalamu 36 mpaka 54, kuwirikiza kawiri kapena katatu abale awo a kumtunda, ndipo akakhalitsa amafika zaka 250 pamene anzawo amapitirira 350. Palibe kumwetulira, palibe zopetapeta pa zovala. Munthu wokhala moyandikana ndi adani mumdima safuna kuoneka, ndipo thupi lake lonse likunena zimenezo asanatsegule pakamwa. Apa maonekedwe sakukongoletsa chabe, akufotokoza mmene munthuyo wakhalira.

Chaka cha 2000, kampani ya Wizards of the Coast itatulutsa malamulo atsopano a masewerawa, gnome anapatsidwa manambala awa: msinkhu wa masentimita pafupifupi 90 mpaka 105, kulemera makilogalamu 18 mpaka 20. Ndevu zinafupika n'kukhala zodulira bwino, tsitsi loyererako, maso abuluu, zovala za mtundu wa dothi koma zopetedwa mwaluso. Mphuno inachepa pa zithunzi, koma chosangalatsa n'chakuti sinafe, inangosamukira m'malamulo. Gnome ankapatsidwa mapointi awiri owonjezera pa ntchito yosakaniza mankhwala, ndipo chifukwa chimene buku linapereka n'chakuti mphuno yake imamva fungo msanga. Komabe nthawi yomweyo ma halfling nawo anawonda n'kuyamba kuvala nsapato, moti awiriwa anafanana kwambiri. Mukaona chithunzi cha kamunthu kowonda ka makutu osongoka, munkayamba mwawerenga mawu a m'munsi kuti mudziwe kuti ndi ndani.

Mwina n'chifukwa chake mu 2008 gnome sanapezeke n'komwe m'buku loyamba la osewera. Malo anapita kwa mitundu ina yooneka mosiyana kwambiri, monga ma dragonborn (anthu ooneka ngati zinjoka) ndi ma tiefling (anthu a nyanga ndi michira). Osewera ambiri anadandaula, ndipo atabwerera mu 2009 anali munthu wina. Tsopano anali wochokera ku Feywild, dziko la mizimu ya m'tchire, mbadwa ya akapolo amene anathawa zimphona zotchedwa fomorian. Maso ake anali akuda bii, onyezimira, opanda choyera. Akavulazidwa ankatha kuzimiririka pomwepo. Gnome ameneyu sanakhalitse, koma maso akewo ndimawakumbukirabe. Anali oyamba kutikumbutsa kuti kanthuka si munthu wochepetsedwa, ndi cholengedwa china.

Chaka chomwecho cha 2009 kampani ya Paizo inatulutsa masewera ena ofanana ndi amenewa otchedwa Pathfinder, ndipo kumeneko n'kumene funso lija linayankhidwa mwanzeru kuposa kwina konse. Ma gnome a m'dziko la masewerawo, la Golarion, anachokera kumalo otchedwa First World, ndipo mtundu wa thupi lawo sutsata wa makolo monga zimakhalira ndi anthu. Tsitsi limatha kukhala lobiriwira ngati msipu, lofiira psuu, lapepo, kapena laolenje ngati masamba ouma. Khungu limayambira pa mtundu wa dothi mpaka pinki wa duwa. Maso ndi kamwa n'zazikulu kuposa mmene nkhope yotero ikanafunira, nsidze n'zazitali ndipo sizikhazikika, kotero kuti kumwetulira kwake kumakusangalatsa komanso kukudzidzimutsako pang'ono. Lini, gnome wa tsitsi lobiriwira amene Wayne Reynolds anamujambula ali ndi nyalugwe wake wa m'mapiri ozizira, ndiye nkhope imene ambiri amaikumbukira.

Koma mitundu yowalayo si yongokometsera. Gnome wa Pathfinder amafunika kumaona zatsopano, kumva zatsopano, kudabwa. Akakhala nthawi yaitali m'moyo wobwerezabwereza, amagwidwa ndi nthenda imene amaitcha Bleaching, kutanthauza kusuluka. Mtundu umayamba kuchoka m'tsitsi, m'khungu ndi m'maso, maganizo amasokonekera, ndipo ambiri amafa nayo. Ochepa amene amapulumuka amakhala oyera mbee moyo wawo wonse, odekha modabwitsa, ndipo anzawo amachita nawo mantha. Taganizirani chimene zimenezi zimapatsa woyendetsa masewera. Safunika kunena kuti wogulitsa mabuku uja watopa ndi moyo. Amangoti tsitsi lake ndi labuluu kunsonga koma kumizu layera, ndipo aliyense pa tebulo amene akudziwa dzikolo amangoti zii. Pamenepo tsitsi lasanduka kalata yofotokoza za mtima wa munthu. Kumeneko ndiye kugwiritsa ntchito maonekedwe.

Malamulo a Dungeons & Dragons a 2014 anabwerera kumbuyo n'kutola pang'ono paliponse. Mphuno yaikulu inabwerera, nkhope yofiirira yomwetulira, maso owala, tsitsi loyererako loima nyankhalala mbali zonse, ndevu zodulidwa bwino koma zopangidwa mphanda kapena nsonga. Msinkhu ndi masentimita 90 mpaka 120, kulemera pafupifupi makilogalamu 18, moyo wa zaka 350 mpaka kuyandikira 500. A 2024 anafupikitsa: anthu ang'onoang'ono a maso aakulu ndi makutu osongoka, okhala zaka pafupifupi 425.

Pa manambala onsewa, imene osewera amaiiwala kwambiri ndi ya kulemera, ndipo kwa ine ndiyo yofunika koposa. Makilogalamu 18 ndi kulemera kwa mwana wa zaka zinayi kapena zisanu. Dwarf, amene amangomuposa msinkhu ndi masentimita pafupifupi 30, amalemera pafupifupi makilogalamu 68. Kusiyana kwa awiriwa sikuli pa kutalika, kuli pa mnofu ndi mafupa. Ndinazimvetsa bwino tsiku lina pa tebulo pamene gulu lathu linafika pa mtsinje wosefukira. Mnzathu amene ankasewera gnome wamatsenga anangoti akuwoloka limodzi ndi enawo. Woyendetsa masewera anaika pensulo pansi n'kumufunsa kuti, "Aise, madziwa akumulekeza m'chiuno msilikali uja. Iweyo akulekeza pati?" Tonse tinayang'ana pa pepala lake. Madziwo akanamumiza mpaka pamphumi, ndipo mphamvu yake ikanamukokolola ngati tsamba. Mapeto ake anawoloka atakhala pa mapewa a msilikaliyo, buku lake la matsenga atalisenza pamutu, dzanja lina atagwira chisoti cha mnzakeyo. Kuyambira tsiku limenelo munthu uja anakhala weniweni kwa ife. Tinayamba kuona kuti akalowa m'nyumba ya alendo amakwera pampando kuti alankhule ndi mwini nyumba, kuti chikho cha munthu wamba amachigwira ndi manja awiri, kuti pakati pa chikhamu amaona malamba ndi zikwama zokhazokha, ndiye amayamba ndi iye kuona wopisa m'matumba.

Malamulo nawo amalemekeza thupi limeneli. Gnome ali m'gulu la zolengedwa zing'onozing'ono. M'malamulo a 2014, akanyamula chida cholemera ngati chilupanga chogwira ndi manja awiri, amaponya madayisi awiri n'kutenga nambala yochepayo. Nthawi yake yosewera ikakwana amayenda mafiti 25 pamene munthu wamba amayenda 30, ngakhale kuti a 2024 anamufananitsa ndi enawo. Sakwera hatchi yaikulu mosavuta, koma amatha kukwera chigalu chachikulu n'kupita nacho kunkhondo. M'malamulo a 2000 kuchepako kunkamupatsa mwayi: ankavuta kumulasa ndipo ankabisala mosavuta. Amaonanso mumdima, mphatso ya anthu a m'mauna, ndipo maso aakulu aja amagwirizana nazo.

Pali msampha umodzi umene ojambula ndi osewera amagweramo, ndipo umandipweteka. Poti gnome ali ndi msinkhu wa mwana, mutu waukulu ndi maso aakulu, n'kosavuta kumusandutsa mwana. Gnome wamwamuna amapulumuka chifukwa cha ndevu. Wamkazi alibe chomuteteza chotero, ndipo pa zithunzi zambiri mayi wa zaka 200, amene mwina waika m'manda mibadwo ingapo ya anzake a mtundu wa anthu, amaoneka ngati kamtsikana kosewera ndi zidole. Uku n'kumulanda ulemu wake. Ukulu umaoneka m'zinthu zina: makwinya m'mbali mwa maso, manja a mitsempha ndi zikang'a, khosi, kaimidwe ka munthu amene sathamangira kuyankha. Mphuno yakale ija inkathandizanso pamenepa, chifukwa mwana sakhala ndi mphuno yotero. Aliyense amene akufotokoza gnome wake pa tebulo angachite bwino kuyamba ndi manja ndi nkhope, mtundu wa tsitsi ubwere pambuyo. Tsitsi lapinki limakuuzani kuti ndi gnome. Chipsera cha moto pa chala chachikulu ndi kadontho ka inki kosachoka pa mlomo zimakuuzani kuti ndi ndani.

Zonsezi zimaonekera bwino mukagwira kachidole kake. Magulu ambiri amasewera pa mapu a timabokosi, bokosi lililonse kuimira mafiti asanu, ndipo aliyense amaimikapo kachidole ka munthu wake. Ka munthu wamba kamatalika pafupifupi mamilimita 28. Ka gnome kamangopitirira theka la pamenepo, koma kamaima pa bokosi lofanana ndi la msilikali wamkulu, ndiye kamaoneka ngati kasochera pabwalo. Mukamakapenta, diso ndi kadontho kamodzi ka nsonga ya burashi, ndipo mukapuma molakwika mwalemba tsaya. Zopeta za pa malaya zimene buku limatamanda sizioneka n'komwe kwa munthu wokhala mbali ina ya tebulo. Osema tizidoleti amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakulitsa dala mutu, manja ndi chilichonse chimene kanyamula. Kanga komaliza ndinakapenta tsitsi lobiriwira, kumizu n'kupakako utoto woyera pang'ono. Nditakaimika pakati pa mapu, pansi pa nyale, mnzanga wokhala kutsidya kwa tebulo anawerama n'kukayang'anitsitsa. Anayamba waona mphuno, poti ndi pamene kuwala kunagwera, kenako anaona mizu yoyerayo, n'kundifunsa kuti munthuyu wakhala zaka zingati osatuluka m'mudzi mwake.